Aneba akuwotcha mawaya ndi kuswa mabatire pabwalo pomwe ana amasewera, nditani?

MayiWaMapasa
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Timakhala nyumba zamdadada, makomo 6, bwalo limodzi. Bambo a khomo lakumapeto amagula zamagetsi zakufa: ma TV akale aja achimsana, mawailesi, mafiliji, mabatire a galimoto ndi a sola. Madzulo amaunjika mawaya kuseri kwa bafa, n'kuikapo chidutswa cha tayala, n'kuyatsa kuti patsale kopa yekhayekha. Utsi wake ndi wakuda bii, umalowa m'nyumba, zovala zapachingwe zimanunkha. Mabatire amaswa ndi chikwanje, madzi ake amangokhuthulira pansi, ndipo pamene amathirapo udzu udasiya kumera.

Nkhawa yanga ndi ana. Anyamata anga awiri a zaka 6 amathamangira kukatola kopa m'phulusa moto ukazima, bambowo n'kuwapatsa ya zitumbuwa. Wamng'ono akukwawa pabwalo lomwelo. Mmodzi wa mapasawa chifuwa sichikumusiya. Kodi zimenezi n'zoopsadi, kapena ndikungodzipanikiza? Nanga munthu wamkulu, woti timapatsana moni m'mawa uliwonse, ndimuyamba bwanji?

Nachisale_BT
Mayi, chotsanipo ana kaye lero lomwe. Zokambirana ndi bambowo zibwere pambuyo.

Sikirapu_Boss
Ndiye munthu adye chiyani? Ntchito kulibe, bambowo sakuba, sakupempha, akudya thukuta lawo. Ine ntchito yomweyi ndidayamba ndili mnyamata ndipo mpaka lero ndikusenza filiji ndekha. Ukamaliza kuwotcha umamwa mkaka, utsi wonse umatsuka. Chifuwa cha mwana chingakhale cha fumbi kapena makala a pambaula, musathamangire kuloza chala munthu wosauka.

Nachisale_BT
Palibe wati asadye. Tikuti asadyetse ana a eni poizoni.

NamwinoWaAna
Mayi, simukudzipanikiza ayi. Utsi mukuuona ndi maso n'chifukwa chake ndi umene wakudetsani nkhawa, ndipo ndi woipadi, koma ine mantha anga aakulu ali pa mabatirewo. M'batire yolemera ija ya galimoto kapena ya sola, zimbale zam'kati ndi za mtovu. Ikaswedwa, phala lotuwa lija limauma n'kusanduka fumbi, fumbilo n'kusakanikirana ndi dothi la pabwalo. Mtovu suwola. Mvula siuthetsa, imangousunthira pena. Mwana wokwawa amagwira pansi, kenako chala kukamwa, chimanga chikagwa amatola n'kudya. Thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi munthu wamkulu amene wameza mlingo womwewo, komanso nthawi imeneyi ndi imene ubongo wake ukukula. Bungwe la WHO limanena momveka kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti uwu ndiye wosavulaza.

Chimene chimapusitsa makolo n'chakuti mwana sagona pamphasa. Amasewera, amadya, pasikelo akukwera. Zimadzaonekera pambuyo: kuchedwa kuyankhula, kusagwira zimene waphunzitsidwa, kusakhazikika, kupsa mtima msanga. Mtovu ukachuluka ndi pamene pamabwera kuchepa magazi, m'mimba kupota, kudzimbidwa, kusanza, mpaka kukomoka. Mankhwala otsitsa mtovu m'magazi alipo, koma zimene zawonongeka mu ubongo sizibwerera.

A Sikirapu_Boss, mkaka ndi chakudya chabwino, koma umapita m'mimba, sudutsa m'mapapo kuti utsukemo kanthu. Kusenza filiji si umboni woti muli bwino. Kwa munthu wamkulu mtovu umakweza BP, umawononga impso, ndipo umakakhala m'mafupa zaka zambirimbiri. Mtsikana amene adaumeza ali mwana, akadzakhala woyembekezera umatuluka m'mafupamo n'kupita kwa khanda lili m'mimba.

MayiWaMapasa
Anamwino, mwandiopsa. Wakhandayu amachitadi kudya dothi ndikangotembenuka.

NamwinoWaAna
Musataye mtima, Mayi, kudziwa lero kuli bwino kusiyana ndi chaka chamawa. Akhale m'nyumba kapena pamkeka wochapa, osati padothi. Mukapita kusikelo kapena kuchipatala nenani poyera kuti kwathu akuswa mabatire ndi kuwotcha mawaya. Mukangoti mwana akutsokomola, adokotala aganiza chimfine, ndipo mwana wokomoka aliyense amathamangira kuganiza malungo. Kuyeza mtovu m'magazi si chinthu chopezeka pachipatala chilichonse chaching'ono, koma akadziwa gwero adziwa kokutumizani, komanso angamuyeze ngati magazi ndi okwanira.

Tekinishani_Area25
Ndimakonza ma TV ndi mafoni, ndiye ndiwonjezereko za m'kati mwa zinthuzi. Pulasitiki yokutira mawaya ambiri ndi PVC. Ikapsa pamoto wapansi ngati umenewo imatulutsa utsi wa asidi, uja umayabwa pakhosi ndi m'maso, komanso mankhwala otchedwa dioxin, amene amatsalira m'phulusa ndi m'dothi. Ndiye anyamata aja akamavundula phulusa ndi manja kufuna kopa, akugwira pamene poizoni waunjikana.

TV yachimsana, galasi lakumbuyo lija lopangika ngati fanulo ndi losakaniza ndi mtovu, ndipo m'ma TV akuluakulu umapitirira kilo imodzi. Anthu amaswa kuti achotse koilo ya kopa ili pakhosi pake, magalasi n'kuwasiya pomwepo. Mabolodi obiriwira aja a zinthu zakale adawotchereredwa ndi waya wosakaniza tini ndi mtovu. Ku Ulaya adaletsa zimenezi pa zinthu zatsopano kuyambira 2006, koma katundu wakale ndi amene ali m'manja mwathu, ndipo waya wowotcherera umene ambirife timagula pamsika ukadali wa mtovu. Ine pashopu mwana salowa, ndipo sindidyerapo.

Machubu aatali ndi mababu aja opotana muli mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni. Likasweka m'nyumba tulutsani ana, tsegulani mawindo, mudikire kaye, ndiye mutole ndi katoni ndi pepala lonyowa. Osasesa ndi tsache. Mababu a LED alibe mercury.

GogoWaKuDedza
Ife kale kusukulu tinkaswa mabatire a tochi, ufa wakuda uja n'kusakaniza ndi madzi kupaka pabolodi kuti pade. Manja onse bii, kenako kukadya chigumu. Panalibe wotiuza kanthu.

Mphunzitsi_Std2
Agogo, pena zikuchitikabe. Ndipo anyamata a m'kalasi mwanga m'matumba mwawo simusowa timota ta mawailesi akufa, timababu ta matochi, mabatire a mafoni otupa. Amapangira magalimoto amawaya oyaka nyali, luso lake n'logometsa, koma waya amasenda ndi mano, batire amayesa ndi lilime ngati ili ndi moto. Ndawerenga zimene alemba anamwino ndipo maganizo anga apita kwa ana ena amene ndimawabwerezera chinthu chimodzimodzi teremu yonse osachigwira. Timangoti ndi mbuli, makolo n'kumawakwapula.

NamwinoWaAna
Aphunzitsi, tisamale pamenepo. Mwana kuchedwa m'kalasi kuli ndi zifukwa zambiri: njala, malungo obwerezabwereza, kusamva bwino, mavuto a pakhomo. Sitingaone mwana n'kunena kuti uyu ndi mtovu popanda kuyeza. Koma kuti vutoli ndi lalikulu n'zoona. Mu 2020 UNICEF ndi bungwe la Pure Earth adalengeza kuti mwana mmodzi mwa atatu aliwonse padziko lapansi, ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu wokwana mamaikilogalamu 5 kapena kuposerapo pa desilita ya magazi, ndipo adatchula kuswa mabatire mwachisawawa ngati limodzi mwa magwero aakulu.

Popeza mwatchula zoika m'kamwa: timabatire tozungulira tija ta mawotchi ndi marimoti a galimoto, mwana akameza n'kukakamira pammero kamatha kuwotcha mnofu m'maola awiri okha. Zikatero thamangirani kuchipatala, musamusanzitse, musadikire kuti katuluka kokha.

Sikirapu_Boss
Zamabuku izi. Mungandiuze mwana mmodzi amene adafa ndi batire?

Mlonda_wa_Usiku
Si mmodzi, achimwene, ndi 18. Ku Senegal, dera la Thiaroye-sur-Mer kunja kwa mzinda wa Dakar, ana 18 adamwalira pakati pa Novembala 2007 ndi Malichi 2008. Anthu kumeneko adakhala zaka akuswa mabatire akale. Mtengo wa mtovu utakwera, amayi adayamba kusefa dothi la pamalopo kufuna tizidutswa totsalira, ena n'kumatutira dothilo kunyumba m'matumba kuti akasefere pakhomo, ana ali pambali kapena kumsana. Anawo ankayamba kusanza, kukomoka, n'kumwalira. Akatswiri atabwera kudzayeza adapeza kuti abale a ana omwalirawo ndi amayi awo magazi adadzaza mtovu. Pomaliza adachita kukumba dothi la m'deralo n'kulichotsa.

Ku Kenya nakonso, mudzi wa Owino Uhuru ku Mombasa udali pafupi ndi fakitale yosungunula mabatire. Mayi wina, Phyllis Omido, ankagwira ntchito pafakitalepo, mwana wake wakhanda adapezeka ndi mtovu m'magazi, ndipo ndi iye adatsogolera anthu mpaka fakitale idatsekedwa. Mu 2020 khoti lidalamula kuti anthu a m'mudzimo apepesedwe ndi 1.3 biliyoni ya ndalama za ku Kenya. Si nkhani za ku Ulaya izi, ndi anthu akuda anzathu okhala m'malokeshoni ngati athuwa.

Nachisale_BT
Zikanakhala kuno tikanati ana alodzedwa, agogo ena n'kuthamangitsidwa m'mudzi.

WaKuChipata
Ine ndidakhalako ku Kabwe kuno ku Zambia. Kumeneko si mabatire, ndi mgodi wa mtovu, koma poizoni wake ndi yemweyo. Mgodi udatsekedwa mu 1994, koma mpaka pano ana a ku Kasanda, Chowa ndi Makululu akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi, ana oti adabadwa mgodi utatsekedwa kalekale. Chifukwa ndi dothi. Nthawi ya mphepo mu Ogasiti fumbi limalowa paliponse. Ndikunena izi kuti Mayi adziwe kuti ngakhale bambowo atasamuka mawa, bwalolo silikhala bwino palokha.

Joni_Boy
Vuto lenileni ndi azungu. Amagwiritsa ntchito zinthu, zikatha n'kuzilongedza m'makontena kuti ndi zachifundo, kudzataya ku Africa. Onani pamtaya wa zamagetsi wa Agbogbloshie ku Accra, Ghana, mmene padaliri. Pali mapangano awiri, la Basel la 1989 ndi la Bamako la 1991 limene mayiko a mu Africa adapanga okha loletsa kulowetsa zinyalala zoopsa, koma makontena akulowabe chifukwa amalemba kuti ndi katundu wogwiritsidwapo kale ntchito.

Tekinishani_Area25
Zoona zimalowa, ndipo mulu wa malaputopu akaunjika ukabwera ena amakhala akufa kale. Koma tisadzinamize, achimwene. Mabatire amene akuswedwa pabwalo la Mayiwa sadachokere ku London ali akufa. Ndi athu omwe. Magetsi atayamba kuzimazima aliyense adathamangira sola ndi inveta, kumudzi nyumba iliyonse yamalata ili ndi kapanelo padenga. Batire yotchipa, yopanda kontolola (kachipangizo koteteza batire kuti isathe moto wonse), imakhetsedwa mpaka zero usiku uliwonse, chaka chisanathe yafa. Ikafa imapita kuti? Matochi, machaja, mafoni amabatani, tiwailesi ta memori khadi, zonse n'zongotha msanga. Ngakhale ku Ghana komweko ofufuza adapeza kuti zambiri zimene zinkafika pamtaya uja zinali zoti zagwira ntchito m'dzikomo kaye.

Joni_Boy
Ndiye wolakwa ndi ife ogula zotchipa? Ndalama ya yodula tiitenge kuti?

Tekinishani_Area25
Sindinatero. Ndikuti wogulitsa batire yatsopano ndi amene ayenera kulandira yakufa, ndipo woitanitsa katundu kunja asenze nawo mtengo wotayira. Mayiko ena amatero. Lipoti la United Nations lidati mu 2022 dziko lapansi lidatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala zamagetsi, ndipo zimene zidatoleredwa ndi kukonzedwa mwadongosolo ndi 22.3 peresenti yokha. Zotsalazo zambiri zimathera m'manja mwa anthu ngati bambo aja, opanda magolovesi, opanda malo.

Chemwali_wa_Leeds
Inenso ndimatumiza mafoni ndi malaputopu akale kumudzi, ndipo amathandiza, mphwanga adamalizira maphunziro pa laputopu yotero. Koma tsopano ndimayesa kaye batire ndi china chilichonse ndisanatumize. Chinthu choti chikafa pakatha miyezi iwiri bola ndikasiye kuno, kumene malo olandirira zinthu zotere alipo.

AmalumeAKabaza
Pamene muli pa mabatire, alipo akudziwa komwe kukupezeka ya 100Ah yolimba pamtengo wabwino ku Lilongwe?

Nachisale_BT
Amalume, tsegulani nkhani yanu ina. Pano pali mayi akufunsa za ana ake.

MayiWaMapasa
Zikomo achemwali. Funso lina: pabwalopa pali nkhuku zachikuda, zimapalasa paphulusa lomwelo, ndipo imodzi imaikira m'chibokosi cha TV yakufa. Mazira timagulana tokhatokha, ana ndimawaphikira. Palibe vuto?

Mlonda_wa_Usiku
Asiyeni mazira amenewo, Mayi. Mu 2019 mabungwe a IPEN ndi Basel Action Network adatulutsa lipoti atayeza mazira a nkhuku zoyenda zokha ku Agbogbloshie. Adapeza kuti munthu wamkulu akadya dzira limodzi lokha, wameza dioxin wopitirira ka 220 mlingo umene bungwe loona za chakudya ku Ulaya limati thupi lingapirire pa tsiku. Pabwalo panu sipangafike pamenepo chifukwa kuja ankawotcha usana wonse kwa zaka, koma njira yake ndi yomweyo: nkhuku imatola m'dothi, poizoniyu amakonda mafuta, ndiye amakaunjikana mu yoko. Kuphika sikumuchotsa.

GogoWaKuDedza
Mayo ine. Dzira lomwe timati ndiye chakudya cha mwana.

Loya_Wamawa
Nkhaniyi ili ndi mbali ya malamulo. Lamulo loyang'anira chilengedwe la 2017 ndi limene lidakhazikitsa bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo zinyalala zoopsa munthu sayenera kuzisunga kapena kuzitaya popanda chilolezo. Kukhonsolo kulinso a zaumoyo amene ntchito yawo ndi yomweyi. Jambulani zithunzi, lembani kalata, musayinire anthu a makomo onse, mukapereke. Ufulu wokhala pamalo aukhondo si wa anthu a ku Area 10 okha.

Sikirapu_Boss
Eya, mukamunenere, amulande katundu, ana ake asiye sukulu. Ndiye mwapindula chiyani? Asamukira lokeshoni ina, akapeza bwalo lina lili ndi ana ena. Ku Ghana komwe mukutchulako boma lidagumula malo aja mu 2021, kodi anthu adasiya kuwotcha? Adangobalalika, aliyense kukawotchera kwawo. Pitani ku Mzedi ku Blantyre kapena kumtaya wa ku Area 38 ku Lilongwe mukaone amene akutola zitsulo, muli ana ndi amayi obereka ana kumbuyo. Onsewo muwamanga?

Loya_Wamawa
Ndiye tingokhala chete chifukwa vuto ndi lalikulu?

Mphunzitsi_Std2
Apa a Sikirapu_Boss anena chinthu choona, ngakhale sindigwirizana nawo zambiri. Kalata ikhale yomaliza. Mayi, musapite nokha, ndipo musapite utsi uli m'mwamba mitima ili yotentha. Yambani mwacheza ndi akazi awo, pakuti nawonso ali ndi ana pabwalo lomwelo, ndipo a m'nyumba mwawo ndi amene ali pangozi kuposa anu. Kenako mutenge mayi wina wachikulire wa pamdadadapo, kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, amene amayendera makomo kale ndipo anthu sawaona ngati apolisi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, bambowo mawuwa amawadziwa. Zikakanika ndiye alandilodi, kenako amfumu a m'dera. Chimodzi chokha chisakhale chokambirana: ana kutola m'phulusa kuthe. Lipoti la WHO la 2021 lonena za ana ndi zinyalala zamagetsi lidati ana amakondedwa pantchitoyi chifukwa timanja tawo n'tating'ono, timalowa pamene dzanja la wamkulu silingalowe, ndipo ena amayamba ali ndi zaka 5. Ku Guiyu ku China, tauni imene inkadziwika ndi kuphwasula zamagetsi, kafukufuku wa 2007 adapeza kuti ana 8 mwa 10 aliwonse amene adayezedwa adali ndi mtovu wopitirira mamaikilogalamu 10 pa desilita ya magazi.

Tekinishani_Area25
Ndipo mukapita musangonena kuti siyani, mupite ndi njira ina. Waya wonenepa safunika moto, amasendeka ndi mpeni kapena kachipangizo ka lezala kokhomera pathabwa. Kopa wosenda amakhala wowala, ndipo ogula amamulipira bwino kuposa wakupsa wakuda uja. Ku Agbogbloshie mu 2014 adaikako makina osendera mawaya pa chifukwa chomwechi. Batire agulitse yathunthu, yosaswa, yosakhuthula.

Sikirapu_Boss
Wonenepa inde, timasenda kale, sitili opusa. Koma waya wa m'galimoto, wa machaja, wa m'makompyuta, uja wowonda ngati ulusi, usenda mpaka liti? Tsiku lonse supeza kilo. Makina aja a ku Ghana nawonso pa waya wowonda ankalephera, anyamata n'kubwerera kumoto. Za batire, ogula ena amakana ya madzi, amati sikelo ikuwabera, ndiye umakhuthula kaye. Mukafuna zisinthe kalankhuleni ndi ogula akuluakulu aja otumiza kunja, iwo ndi amene amaika mtengo. Ife timangotsatira.

Koma anamwino, tandiuzani chimodzi. Ine sindigwirira pakhomo, ndili ndi malo kumsika. Ovolosi ndimapita nayo kunyumba, mayi a kunyumba amachapira limodzi ndi za ana. Pamenepo pali kanthu?

NamwinoWaAna
Pali kanthu, bambo, ndipo mwafunsa bwino. Ana ambiri a anthu ogwira ntchito ya mabatire amadwalira kunyumba, osafikako n'komwe kuntchito. Fumbi limabwera pa ovolosi, pa nsapato, m'tsitsi, m'zikhadabo. Mwana akakuthamangirani kudzakukumbatirani pakhomo, nkhope yake imafika pa ovolosi pomwepo. Muzivulira kuntchito, nsapato zisalowe m'nyumba, musambe musananyamule mwana, ndipo ovolosi ichapidwe payokha m'beseni lakelake, madzi ake osathira pomwe ana amasewera. Ngati mayi ali oyembekezera asachape ndi iwo. Kuntchito musadye kapena kusuta ndi manja osasamba ndi sopo.

Kwa Mayi ndi ena onse: m'nyumba kolopani, osasesa pouma, chifukwa tsache limangoulutsa fumbi kuti ana alipume. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye, zikhadabo zikhale zazifupi. Mwana wa njala kapena wochepa magazi amayamwa mtovu wambiri, ndiye asachoke m'mawa wopanda kanthu m'mimba. Usipa kapena bonya wodya ndi minga yomwe, nyemba, bonongwe, chisoso, nsinjiro m'phala, magwafa kapena malambe, zonsezi zimathandiza kuti thupi lisakoke mtovu wochuluka. Koma chakudya si mankhwala. Gwero likakhalapobe, mwana akumezabe. Ndipo madzi ngati alowa mtovu, kuwiritsa kapena kuthira klorini sikuuchotsa.

GogoWaKuDedza
Nanga mapoto aja osula ndi zitsulo zakale, onenepa aja timagula pamsika?

Tekinishani_Area25
Zimatengera zimene adasungunula, agogo. Akaponyamo zidutswa za injini, ma radiator ndi za m'zamagetsi, mtovu umalowa nawo, ndipo ofufuza m'mayiko angapo adaupeza ukutuluka m'mapoto otero, makamaka pophika zowawasa ngati matimati. Phala la mwana bola kuphikira m'poto wa kufakitale kapena m'mphika wadothi wosapaka utoto.

MayiWaMapasa
Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Ndidachita monga adanenera aphunzitsi. Akazi awo ndidawapeza akuchapa, ndipo nditangoyamba adati nawonso utsiwo umawapweteka mutu, mwana wawo wamkazi amadandaula m'mimba kawirikawiri, koma ankaopa kuwauza amuna awo. Tidapita atatu ndi mayi wina wamkulu. Poyamba bambowo adakwiya, adati tikuwachitira nsanje. Atamva za mwana wawo yemwe adakhala chete. Avomera kuti mabatire sazisweranso pabwalo, azigulitsa athunthu, ndipo ana onse awaletsa kufika paphulusa. Za mawaya akana kusiya, akuti ndiye pamene pali phindu, koma azikawotchera kudambo, kutali ndi nyumba. Ine anyamata ndapita nawo kuchipatala ndipo ndanena zonse, mmodzi amupeza ndi magazi ochepa, atipatsa mankhwala ndi tsiku lobwereranso. Chatsala ndi dothi lija.

WaKuChipata
Dothi musalisese, musalilime, musadzalepo masamba. Ngati mungathe, palani lapamwamba pamene ankathira madzi a batire ndi paphulusa, mutalinyowetsa kaye kuti lisabuke, ana atatsekeredwa m'nyumba. Koma likatayidwe poti a zaumoyo akuuzani, osati kuseri kwa mpanda wa wina. Njira imene ndidaiona ku Kabwe ndi kukwirira: kuthira dothi labwino lochokera kwina, lokhuthala ndithu, kapena kuwaka njerwa ndi simenti pamwamba kuti mwana asakhudzenso lakalelo.

Nachisale_BT
Simentiyo agule alandilodi. Lendi amatolera mwezi ndi mwezi, ndipo utsiwo ankauona.

Landilodi_Wachifundo
Ine ndili ndi nyumba zanga ndipo ndikuti agawane ndi amene adawononga. Koma kukana zonse sangakane, bwalo ndi lake, ndipo mawa adzalowetsamo banja lina la ana.

Mlimi_wa_Dimba
Ndawerenga zonse mwakachetechete, koma apa ndiyankhule. Mwasangalala kuti moto wachoka pabwalo wapita kudambo. Kudambo ndi kumene ife timalima. Mpiru, repu, chayinizi, matimati amene mumagula pamsika m'mawa amachokera kumeneko, ndipo timathirira ndi madzi a m'zitsime zosaya zomwe timakumba m'dambomo. Ana athu amaweta mbuzi komweko, amasambira m'mathamanda, amawedza timatemba. Mvula yoyamba ikagwa phulusa lonse lidzatsikira m'madimba. Ndiye poizoni mwamuchotsa pakhomo kuti adzabwerere m'ndiwo.

Sikirapu_Boss
Ndiye akawotchere kuti? Tchulani malo.

Mlimi_wa_Dimba
Malo abwino owotchera pulasitiki kulibe, n'chifukwa chake ndikukana kuti dambo likhale yankho.

Loya_Wamawa
Apa ndi pamene kalata ija ikufunika, osati yomangitsa bambowo, koma yopempha khonsolo ndi MEPA kuti anthu a ntchitoyi apatsidwe malo amodzi a simenti, otchingidwa, kutali ndi nyumba ndi madzi, ndipo ogula akuluakulu azigula waya wowonda uli ndi khungu lake. A Sikirapu_Boss, inu mukudziwa anzanu angati amene angasayinire?

Sikirapu_Boss
Ogula akavomera kugula wosawotcha pamtengo womveka, palibe amene amakonda utsi. Kumsika kwathu ndingawauze. Koma dzina langa pakalata ya boma ayi, mawa adzabwera ndi za misonkho.

Mlimi_wa_Dimba
Mayi, ndilembereni kumbali mundiuze dambo lake ndi liti. Ngati ndi la mbali yathu, ndikawauze anzanga a m'madimba tikaonane ndi amfumu mvula isanayambe.